"Mphunzitsi, tikudziwa kuti ndinu woona": mawu okoma akakhala msampha m'Baibulo

Pa Mateyu 22:15 pali chiganizo chomwe ambirife timangochidumpha pothamangira vesi lotchuka lija loti perekani kwa Kaisara zake za Kaisara. Chimati Afarisi anachoka nkukapangana mmene angamukolere Yesu m'mawu ake. Ndiye kuti zonse zobwera pambuyo pake ndi pulani, anthu anachita kukhala pansi nkugwirizana kuti tikamuyambe chonchi, tikatere, kenako tikamuponyere funso. Sanapite eni ake ayi, anatuma ophunzira awo, nkhope zosadziwika kwenikweni, limodzi ndi Aherode. Luka 20:20 sabisa nkomwe, amangowatchula kuti anali akazitape odzionetsa ngati anthu olungama, ndipo cholinga chawo chinali choti akamupereke m'manja mwa bwanamkubwa wa Chiroma.

Tamvani mmene anayambira. Mphunzitsi, tikudziwa kuti ndinu woona, mumaphunzitsa njira ya Mulungu moona, simuopa munthu aliyense chifukwa simuyang'ana nkhope. Atatha zonsezo mpomwe anati, tatiuzani tsono, nkololeka kupereka msonkho kwa Kaisara kapena ayi?

Chomwe chimandichititsa chidwi ine nchakuti m'mawu onse oyamikira aja mulibe bodza ngakhale limodzi. Yesu analidi woona, ankaphunzitsadi njira ya Mulungu, sankayang'anadi nkhope. Ife tinazolowera kuganiza kuti wosyasyalika ndi munthu wonama, amene amakuuza kuti waimba bwino pomwe kwaya yonse yamva kuti unali kwina, koma apa anthu akunena zoona zokhazokha ndipo ndi msampha ndithu. Aliyense amene anatcherapo diwa akudziwa kuti nyambo imakhala chakudya chenicheni, mbewa siinganyengedwe ndi mwala, vuto ndi pomwe chakudyacho chaikidwa.

Kuti timvetse pomwe nyamboyo inaikidwa tiyenera tidziwe kuti msonkho umenewu unali nkhani yotani. M'chaka cha 6 AD Aroma anachotsa Arikelao mwana wa Herode Wamkulu pampando, Yudeya nkuyamba kulamuliridwa mwachindunji kuchokera ku Roma, ndipo Kureniyo, bwanamkubwa wa Chiroma wa ku Siriya, anachititsa kalembera kuti adziwe oti azikhoma msonkho. Munthu wina, Yudasi wa ku Galileya, anaukira nkumauza anthu kuti kukhoma msonkho kwa mfumu yachikunja ndi ukapolo, mfumu yathu ndi Mulungu yekha. Gamaliyeli amamutchula pa Machitidwe 5:37, kuti anakopa anthu m'masiku a kalembera koma anaphedwa, omutsatira nkubalalika. Yudasiyo anafa koma mkwiyo sunafe, unkangofuka pansipansi mpaka unadzaphulika m'nkhondo ya mu 66 AD imene inathetsa kachisi mu 70 AD. Ndiye funso la msonkho silinali la mkalasi ayi, anthu anali atafera kale nkhani imeneyi.

Onjezerani pamenepo nthawi ndi malo. Ndi m'bwalo la kachisi, kwatsala masiku ochepa kuti Pasika achitike, mzinda wadzaza ndi alendo, Yesu wangolowa kumene mu Yerusalemu anthu akufuula Hosana, wagubuduza matebulo a osintha ndalama. Akuluakulu akufuna kumugwira koma Maliko 12:12 akuti ankaopa khamu. Nde anafuna njira yoti kaya khamulo limutaye lokha, kaya Pilato awagwirire ntchito. Akati perekani msonkho, anthu amuona ngati wogulitsa mtundu. Akati musapereke, Aherode ali pompo, anthu omwe mkate wawo unadalira banja la Herode ndi Aroma omwe ankaligwiriziza, lipoti likafika kwa bwanamkubwa dzuwa lisanalowe. Afarisi ndi Aherode sanali anthu oti nkumwera chikho chimodzi pa nkhani za Roma, koma aka sikanali koyamba kugwirizana, Maliko 3:6 akusonyeza kuti anayamba kalekale ku Galileya Yesu atachiritsa munthu wopuwala dzanja pa Sabata.

Tsopano bwererani ku mawu okoma aja muone ntchito yake. Munthu wochenjera akafunsidwa funso loopsa pagulu amakhala ndi makomo othawira, atha kukhala chete, atha kunena kuti nkhani imeneyi tikambirane kumbali, atha kuzungulira. Mawu oti simuopa munthu, simuyang'ana nkhope anabwera kudzatseka makomo amenewo. Akuuza pamaso pa anthu onse kuti ndiwe wolimba mtima, ndiye ukazemba ndiwe wamantha ndipo wadzitsutsa wekha, njira yokhayo yotetezera dzina lomwe akupatsalo ndi kulankhula mawu omwe akuphe. Sakukuyamikira kuti usangalale chabe ayi, akukuuza yemwe uli kuti uchite zomwe iwo akufuna. Ndipo taonani kuti anasankha bwino poyamikira, sanati mumachiritsa odwala kapena mumakonda ana, anatchula khalidwe lenileni limene ankafuna kuti limugwetse.

Yesu sanati zikomo. Sanayambenso zodzichepetsa zathu zija zoti aaa ine ndine ndani, ndi chisomo chabe. Mateyu akuti anadziwa kuipa kwawo, Maliko akuti anadziwa chinyengo chawo, Luka akuti anazindikira kuchenjera kwawo, ndipo yankho lake loyamba linali funso, mukundiyeseranji onyenga inu? Mwanjira ina anawasonyeza kuti zomwe ananenazo nzoona, sayang'anadi nkhope, kuyambira nkhope zawo zomwe. Kenako anati ndionetseni ndalama ya msonkho. Anamubweretsera dinari, ndalama yasiliva yomwe pa Mateyu 20:2 ndi malipiro a waganyu tsiku lathunthu. Wolamulira nthawi imeneyo anali Tiberiyo, kuyambira 14 mpaka 37 AD, ndipo dinari yake yodziwika bwino inali ndi mutu wake ndi mawu omutcha mwana wa Augusto woyesedwa mulungu, kuseri kwake nkulembedwa kuti mkulu wa ansembe. Kwa Myuda wosunga malamulo kandalama kameneka kanali ndi fano komanso mwano, koma anthu omwe akufunsa ngati nkololeka aja sanavutike kukapeza, m'kachisi momwemo. Chithunzi ichi ndi dzinali nza yani? Za Kaisara. Ndiye mpatseni Kaisara zake, ndipo Mulungu mumpatse zake.

Anazizwa nkuchoka. Koma musaganize kuti nkhani inathera pomwepo, patangopita masiku ochepa pa Luka 23:2 akuluakulu ali pamaso pa Pilato akunena kuti munthu uyu amaletsa anthu kupereka msonkho kwa Kaisara. Yankho lomwe ankalifuna sanalipeze, ndiye anangolipeka.

Buku la Miyambo linanena kale za sitayilo imeneyi. Pa 29:5 limati wosyasyalika mnzake akutchera ukonde mapazi ake. Pa 26:28 limaika pakamwa posyasyalika m'vesi limodzi ndi lilime lonama lomwe limadana ndi anthu amene lawapweteka, ndiye kwa olemba Miyambo kusyasyalika si chikondi chopitirira muyeso ngati mmene ena amaganizira, ndi m'bale wake wa chidani. Salimo 55:21 limakamba za munthu amene pakamwa pake mposalala kuposa mafuta koma mumtima muli nkhondo, ndipo wolembayo akudandaula za mnzake weniweni yemwe ankapita naye limodzi ku nyumba ya Mulungu, osati mdani wakutali.

Amene anagwa mu ukonde umenewu mutu ndi miyendo yomwe ndi Dariyo pa Danieli 6. Mfumu inaika akalonga 120 ndi akuluakulu atatu owayang'anira, Danieli ali mmodzi mwa atatuwo, ndipo inkaganiza zomukweza kuti ayang'anire ufumu wonse. Anzake anafufuza kaya ziphuphu kaya ulesi, osapeza kanthu, mpaka anavomerezana okha kuti uyu sitingamupeze chifukwa pokhapokha pa nkhani ya Mulungu wake. Nde sanapite kwa Danieli, anapita kwa mfumu. Sanatchule dzina la Danieli ngakhale kamodzi. Anati tonse tagwirizana, lomwe linali bodza chifukwa mmodzi mwa akuluakulu atatu aja sanafunsidwe, kuti kwa masiku 30 munthu asapemphe kanthu kwa mulungu kapena munthu wina aliyense koma kwa inu nokha mfumu, wophwanya aponyedwe m'dzenje la mikango, ndipo musayine kuti likhale lamulo la Amedi ndi Aperisi lomwe silisinthika. Tangoganizani nduna zanu zonse zabwera kudzakuuzani kuti mwezi wathunthu mukhale ngati mulungu. Dariyo sanafunse kuti kodi Danieli ali kuti pagulu lanuli, sanafunse kuti lamulo limeneli lithandiza chani pa kayendetsedwe ka boma, anangosayina.

Apa pali anthu awiri okodwa, ndipo woyamba kukodwa ndi amene anayamikiridwayo. Baibulo likuti atazindikira anavutika mpaka dzuwa kulowa kufunafuna njira yopulumutsira Danieli, koma anthu omwe aja amene dzulo ankamukweza kumwamba anabweranso, ulendo uno kudzamukumbutsa kuti bwana, lamulo ndi lamulo. Munthu amene anauzidwa kuti ali ngati mulungu analephera kupulumutsa wantchito wake mmodzi, usiku wonse osadya, osagona.

Pali kanthu kena m'mutu womwewu komwe nkofunika kwa ife amene tinaleredwa kuti wamkulu umamupatsa ulemu. Achiwembu aja analonjera kuti mfumu Dariyo mukhale ndi moyo kosatha. Mmawa mwake Danieli ali m'dzenje momwemo pa vesi 21 nayenso akuti mfumu mukhale ndi moyo kosatha, mawu omwewo. Ndiye Baibulo silikulimbana ndi malonje, kugwada kapena kunena kuti bwana. Nanga tisiyanitsa bwanji? Ine ndimaona kuti poyang'ana ndi pa chomwe chikubwera mawu okomawo akatha. Kwa achiwembu kunabwera pepala loti asayine. Kwa Danieli kunabwera lipoti loona, Mulungu wanga watuma mngelo wake, ndilibe mlandu pamaso pake ngakhalenso pamaso panu.

Maliko 12 momwe muli nkhani ya msonkho ija mulinso chitsanzo chomwechi. Pa vesi 28 mlembi wina amene anamva mmene Yesu anayankhira bwino anafunsa za lamulo lalikulu kuposa onse, atayankhidwa anati mwanena bwino Mphunzitsi, mwanena zoona. Kuyamikira ndithu, pafupifupi mawu ofanana ndi a akazitape aja, koma iye anayamikira atamva yankho osati pofuna kukankhira Yesu ku yankho linalake, ndipo sanapemphe kanthu pambuyo pake. Yesu anamuuza kuti suli kutali ndi Ufumu wa Mulungu. Nikodemo nayenso pa Yohane 3 anayamba ndi Rabi tikudziwa kuti ndinu mphunzitsi wochokera kwa Mulungu, koma anabwera usiku popanda khamu loti limve Yesu akulakwitsa, ndipo ngakhale Yesu sanataye nthawi pa mawu oyamikirawo, sanamutche wonyenga.

Tisaganize kuti kusyasyalika kumangopita m'mwamba kwa mafumu, kumatsikanso pansi kwa anthu wamba ndipo katswiri wake ndi Abisalomu, mwana wa mfumu Davide, pa 2 Samueli 15. Anadzipezera galeta, akavalo ndi amuna 50 othamanga patsogolo pake, nkumalawirira mmamawa kukaima m'mbali mwa njira ya kuchipata komwe anthu amilandu ankadutsa popita kwa mfumu. Akaona munthu amamuitana, kwanu nkuti? Kenako, mlandu wakowu ndi wabwino ndi wolungama, kungoti palibe amene mfumu yamuika kuti akumvere, ha, ndikanakhala woweruza ndine bwenzi aliyense akupeza chilungamo. Mbali inayo sanaimve nkomwe koma wagamula kale kuti iweyo ndiwe wolondola, ndipo mwina mawa lake mdani wako akadutsa pomwepo amuuzanso zomwezo. Munthu akafuna kumugwadira iye amatambasula dzanja, kumugwira nkumupsompsona, mwana wa mfumu kupsompsona mlimi wa kumudzi. Nthawi ya kampeni ikafika werenganinso ndime imeneyi, simufunika womasulira. Baibulo likuti anaba mitima ya anthu a Israyeli, ndipo popita ku Hebroni kukadzilengeza ufumu anatenga anthu 200 a mu Yerusalemu omwe anangoitanidwa nkupita osadziwa kanthu. Mapeto ake inali nkhondo ya m'nkhalango ya Efraimu momwe munafa anthu 20,000, ambiri mwa iwo mwina ndi omwe aja ankabwerera kwawo akusimba kuti mwana wa mfumu uja ndi munthu wa anthu.

Nthawi zina wotchera ndi wokodwa amakhala munthu mmodzi. Ahabu mfumu ya Israyeli pa 1 Mafumu 22 anasonkhanitsa aneneri pafupifupi 400 onse kunena chimodzimodzi, pitani ku Ramoti Giliyadi mukapambana, Zedekiya mpaka anadzipangira nyanga zachitsulo zochitira chionetsero. Yehosafati mfumu ya Yuda atafunsa ngati kulibe mneneri wina, Ahabu anayankha mosabisa kuti alipo Mikaya koma ndimadana naye chifukwa sanenera zabwino za ine. Wamthenga wokamutenga anamunong'oneza m'njira kuti anzanu onse anena zabwino, inunso mukatero. Akale anati wakutsina khutu ndi mnansi, Miyambo 27:6 imatinso mabala a bwenzi ndi okhulupirika koma mdani amachulutsa kupsompsona, Ahabu anatsekera m'ndende womutsina khutu nkupita kunkhondo atadzibisa, muvi woponyedwa mwachisawawa unamupeza polumikizira chovala chake chankhondo.

Nkhani ya Herode Agripa pa Machitidwe 12 ndiyosiyana pang'ono ndipo ine anthu a ku Turo ndi Sidoni sindiwaweruza kwambiri. Mfumu inawakwiyira pomwe chakudya chawo chinkachokera m'dziko lake, nde anadzera kwa Blasto woyang'anira zakunyumba kwa mfumu kuti awakonzere njira, ndipo tsiku lomwe Agripa analankhula atavala zachifumu anthu anafuula kuti awa ndi mawu a mulungu, si a munthu. Sanatchere kuti afe, ankafuna tirigu basi, njala imalankhulitsa zambiri. Wolemba mbiri wachiyuda Josephus anasimbanso za tsiku limeneli ku Kaisareya mu 44 AD, akuti mfumu inavala chovala cholukidwa ndi siliva chomwe chinanyezimira dzuwa la mmawa litachiwomba, osyasyalika nkuyamba kuitcha mulungu ndipo iyo sinawadzudzule, kenako inagwidwa ndi ululu wa m'mimba nkumwalira patapita masiku 5. Luka, wolemba Machitidwe, akuti mngelo wa Ambuye anamukantha chifukwa sanapereke ulemerero kwa Mulungu. Onse awiri mlandu akuuika pa wolandirayo. Yerekezani ndi Paulo ndi Barnaba ku Lustra mitu iwiri kutsogolo, anthu atawatcha Zeu ndi Herme, milungu ya Agiriki, anang'amba zovala zawo nkuthamangira m'khamu akufuula kuti ifenso ndi anthu ngati inu.

Paulo ankadziwa kuti matenda amenewa alowanso mumpingo. Pa Aroma 16:18 akuchenjeza za anthu otumikira mimba zawo amene amanyenga mitima ya osalakwa ndi mawu osalala ndi okoma, Yuda 16 akukamba za otamanda anthu pofuna phindu, ndipo pa 1 Atesalonika 2:5 Paulo akudziteteza kuti sitinabwere ndi mawu osyasyalika kapena kubisa dyera, akutchula ziwirizi limodzi ngati mapasa. Zimayenda mbali zonse, mlaliki wouza anthu zokoma zokhazokha kuti mbale ya chopereka ilemere, komanso akhristu ozungulira abusa ndi mawu oti adadi inu simulakwitsa mpaka munthu wa Mulungu osatsalanso ndi wina womuuza kuti apa mwaphonya.

Ndipo Pauloyo anakumana nazo maso ndi maso m'khothi. Pa Machitidwe 24 mkulu wa ansembe Hananiya anatsikira ku Kaisareya ndi akulu ena atatenga loya dzina lake Tertulo, kudzamuneneza kwa bwanamkubwa Felike. Tertulo anayamba ndi kuthira shuga, chifukwa cha inu tili pamtendere waukulu, zinthu zikukonzeka mu mtundu uno chifukwa cha nzeru zanu zoona patali, tikulandira zimenezi ponseponse ndi kuthokoza konse, wolemekezeka Felike. Kunena chilungamo, kuyamba ndi mawu okometsa woweruza unali mwambo wa makhothi a nthawi imeneyo, ndipo Felike anagwiradi magulu ena a zigawenga. Koma mbiri yake inali yonunkha. Anali kapolo womasulidwa amene anakwera chifukwa cha mchimwene wake Pallas yemwe anali ndi mphamvu kunyumba ya Kaisara Klaudiyo, wolemba mbiri wachiroma Tacitus analemba kuti ankalamulira ngati mfumu ali ndi mtima wa kapolo, ndipo Josephus akuti ndi iyeyo anakonza zoti mkulu wa ansembe Yonatani aphedwe. Ndiye tangoganizani akuluakulu a ansembe atakhala phee loya wawo akuthokoza munthu ameneyu chifukwa cha mtendere. Koma mawu oti mtendere sanasankhidwe mwangozi, chifukwa mlandu wotsatira unali woti Paulo ndi mliri, woyambitsa zipolowe pakati pa Ayuda padziko lonse. Inu ndinu bwana wa mtendere, uyu ndi wosokoneza mtendere, mwaona nokha chochita. Ndi njira yomwe ija ya m'kachisi, kumuveka munthu dzina kuti agamule mokomera iwe.

Paulo atapatsidwa mpata nayenso anayamba mwaulemu, koma anangonena chinthu chimodzi chomwe chinali choona ndipo sichikanatsutsika, ndikudziwa kuti mwakhala woweruza mtundu uwu zaka zambiri, choncho ndidziteteza mokondwa. Sanati ndinu woweruza wabwino. Kenako analowa mu mfundo, sipanapite masiku oposa 12 chikwerereni ku Yerusalemu kukapembedza, sanandipeze ndikutsutsana ndi munthu m'kachisi kapena kusonkhezera khamu, ndipo Ayuda a ku Asiya omwe anayambitsa nkhaniyi bwanji sanabwere kudzanena okha. Patapita masiku Felike anamuitanitsanso ali ndi mkazi wake Drusila, mwana wa Agripa yemwe uja wa chovala chasiliva, mkazi amene Felike anachita kumulanda kwa mwamuna wake woyamba. Apa ndiye pomwe wandende aliyense wofuna kutuluka akanathira mafuta, koma Paulo anakamba za chilungamo, kudziletsa ndi chiweruzo chikubwera, mpaka Felike anachita mantha nkunena kuti pita kaye, ndikapeza nthawi ndikuitana.

Shuga wa Tertulo sanagwire ntchito kwenikweni, Felike sanamupereke Paulo kwa omuneneza, koma sanamumasulenso. Ankamuitanitsa pafupipafupi poyembekezera kuti Paulo amupatsa kangachepe, ndipo zitatha zaka 2 Porkiyo Festo atabwera kudzalowa m'malo mwake, Felike pofuna kukondweretsa Ayuda anangomusiya Paulo m'ndende momwemo.